Dzina la Pakona ya Chithunzi

A Timothy Kamphinda anayamba kujambula ali kale ndi imvi. Atapuma ntchito ya m'minda ku Chitedze, mkulu wina wa kumeneko anawapatsa bokosi la pasitelo, choko chofewa cha mitundumitundu chimene chimasiya fumbi m'zala. Anabwerera nalo kwawo ku Nsaru, ndipo kuyambira pamenepo tsiku silinkadutsa osajambula.

M'mawa asanatenge khasu ankakhala pa chulu kuseri kwa nyumba, thabwa lili pamiyendo. Mapepala a m'sitolo ankaterera, choncho ankasenda matumba a simenti n'kutenga pepala la m'kati, lokhakhala, logwira mtundu bwino. Ankajambula dambo, zigafa za fodya, mizere ya mtedza wongomera kumene, utsi wa lupsa mu Okutobala. Mitambo ankaisalaza ndi chala chaching'ono. Malungo atawagoneka, anajambulira pawindo.

Anthu ankawaseka kuti munthu wamkulu akusewera ndi makrayoni ngati mwana wa sitandade wani. Akazi awo, a Kettie, ankangodandaula za malaya othimbirira. Yekha amene ankaima n'kuyang'anitsitsa anali mwana wawo Sharon, amene ankaphunzira zojambula pa koleji ina m'tauni. Pasitelo akatha, iye ndiye ankawagulira.

Pa holide ina Sharon anati, "Ababa, mundibwereke zithunzi zina. Aphunzitsi athu akufuna azione."

A Kamphinda anasankha zimene ankazikonda kwambiri, n'kuika nyuzipepala pakati pa chilichonse kuti fumbi lisafufutike.

Patapita miyezi, a Ethel, mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzimo, anawaonetsa foni. Panali chilengezo cha chionetsero cha zithunzi mu Lilongwe, ndipo pamwamba pake panali dambo lawo lija. A Kamphinda sanawerenge n'komwe timalemba ta m'munsi. Tsiku litakwana anavala jekete ya ku tchalitchi, nakwera minibasi osamuuza mwanayo, kuti akamudzidzimutse.

M'holo ya chionetserocho munali anthu onunkhira, matambula ali m'manja. Zithunzi zawo zinali pakhoma, m'mafelemu a galasi, zokongola kuposa mmene ankazidziwira. Anayandikira chimodzi, cha mvula ikubwera chakumadzulo. Pakona, pamene iwo anasiya popanda kanthu, panalembedwa kuti S. Kamphinda. Anapita pa china. Chimodzimodzi.

Kenako anamva mawu a mwana wawo. Sharon anali atazunguliridwa ndi alendo.

"Ndikakhala kumudzi ndimadzuka m'mamawa, ndimakakhala pa chulu kuseri kwa nyumba," ankatero. "Ngakhale ndidwale, sindijomba."

Mwanayo atatembenuka, maso awo anakumana. Sharon anaphethira kamodzi kokha, kenako anamwetulira n'kuwagwira dzanja.

"Awa ndi bambo anga, ndi alimi. Ndiwo amandisungira mapepala a simenti."

Anthu anaomba m'manja. Mayi wina anawauza kuti anabereka. A Kamphinda anangogwedeza mutu.

Panja, kuseri kwa magalimoto, anamufunsa chapansipansi. "Sharon, n'chiyani chimenechi?"

"Ababa, musandiyang'ane choncho. Ndani akanabwera kudzaona zithunzi za mkulu wa ku Nsaru? Zikanangodyedwa ndi chiswe m'nyumba muja. Komanso dzina ndi lomwelo, eti?"

"Dzina ndi lomwelo. Nanga zala?"

"Chabwino, loweni mukawauze. Mawa lomwe andichotsa sukulu. Lowani, khomo ndi ilo."

Anayang'ana khomolo nthawi yaitali. Anakumbukira mmene mwanayo ankapitira kusukulu wopanda nsapato. Sanalowe. Anayenda wapansi mpaka ku depoti, jekete ili paphewa.

Kunyumba anafotokozera akazi awo zonse, akuganiza kuti mwina akwiyira limodzi. A Kettie anamvetsera uku akusenda mtedza.

"Bambo a Sharon, mwana akatukuka ndi ife tomwe. Inuyo dzina mukufuna mupite nalo kuti pa msinkhu wanuwu? Musamuchititse manyazi."

M'mawa a Kamphinda anapitabe pa chulu, chifukwa manja anali atazolowera. Koma akati ayang'ane dambo, ankangoona khoma loyera ndi galasi. Zimene anajambula sabata imeneyo zinatuluka zakuda, mitambo yake yolemera ngati matope. Sanazing'ambe. Anaziika pansi pa bedi pamodzi ndi zinzake.

Sharon sanabwere pa Khirisimasi. Anangotumiza bokosi lalikulu la pasitelo kudzera kwa kondakitala wa minibasi, ndipo anaimbira mayi ake kuti alendo aja akufunsa zithunzi za nthawi ya dzinja.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, a Kettie anazunguliridwa ndi amayi a mvano, akuwaonetsa nkhope ya Sharon mu nyuzipepala. Mkulu wa mpingo, a Lyson, amene kale ankaseka nawo za makrayoni, anabwera kudzagwira a Kamphinda chanza.

"Mwana wanu watikweza, achimwene. Koma luso limeneli analitenga kuti?"

A Kamphinda anayang'ana akazi awo. A Kettie anawayang'ananso, osaphethira.

"Kaya," anayankha. "Mwina kuchikazi."

Anatenga njinga yawo n'kuyamba kuikankha, osadikira aliyense.