Mpira wa Mabowo Atatu

Mzungu mwini esiteti ya Msambankhunda, cha ku Kapondo, atagulitsa malowo chisankho cha matipate chitangodutsa, anasiyira kalaliki wake, a Pius Chikuse, zinthu ziwiri: mpando wa umanijala ndi chikwama chachikopa momwe munali mipira inayi yakuda yamtengo. Pa ziwirizi, chimene a Chikuse ankachinyadira kwambiri chinali chikwamacho.

Mipirayo inali ya masewera aja azungu amagubuduza pa kapinga wometedwa bwino, kulimbirana kuti wa ndani ukaime pafupi ndi kampira koyera. Mpira uliwonse unali wolemera mbali imodzi, moti sunkayenda mowongoka. Unkakhota pang'onopang'ono ngati munthu wochokera ku mowa, n'kukagona pamene mwini wake wafuna. Kalabu ya masewerawa inali kuseri kwa zigafa za fodya, ndipo inangotsala ndi azungu okalamba ochepa a m'maesiteti oyandikana. Zaka zonse za ukalaliki wawo a Chikuse ankaonerera ali kunja kwa mpanda. Tsopano Loweruka lililonse ankavala zoyera kuyambira chipewa mpaka nsapato, n'kumayankhula Chingelezi cha m'mphuno ngakhale poitana galu. Mwezi wa Okutobala, nazale za matenanti zikufota ndi dzuwa, thirakitala inkayamba kaye yatungira madzi kapingayo.

Tsoka linabwera ndi thirakitala yomweyo. Mabuleki ake anafa kalekale, ndiye dalaivala ankati akaima pamtsetse wa ku ofesi, amatsika msanga kukafuna mwala woika kutayala. Tsiku limenelo mwala sanauone. Anaona chinthu chakuda chozungulira pakhonde, pamene a Chikuse anayanika mipira yawo ataipaka mafuta. Anachitola n'kuchiika kutayala. Thanki lodzaza madzi litabwerera m'mbuyo pang'ono, mpirawo unasweka ngati dzungu.

Dalaivalayo anachotsedwa ntchito dzuwa lisanalowe. A Chikuse anatola zidutswazo, nakazifukusa patebulo kunyumba, nkhope ili ngati ya munthu wochokera kumanda. Akazi awo, a Esitele, anati poti yatsala itatu, ndipo manja ali nawo awiri okha, palibe chimene chaonongeka. A Chikuse anawayankha kuti zimenezi mayi wakumudzi sangazimvetse. Munthu waulemu wake amasewera ndi inayi yofanana. Kuwonjezera apo kunkabwera mpikisano ndi azungu a maesiteti a ku Kasungu, ndipo mwini esiteti watsopano, phungu wina wa ku Nyumba ya Malamulo amene anagula malowo asanawaponde n'komwe, analonjeza kudzaonerera.

A Chikuse anakwera galimoto ya esiteti kupita ku Lilongwe. Mmwenye wa sitolo ya zamasewera anatembenuza chidutswa chija, naona chizindikiro chake, n'kuseka. Anati fakitale yopanga mipira imeneyi inatsekedwa iwo akadali kusukulu, ndipo mtengo wake anasiya kudula. Yamakono ndi yapulasitiki yolimba, imagulitsidwa inayi pamodzi, ndipo kuti ifike kuchokera ku Joni, mvula ikhala itagwa. Mawu oti pulasitiki anawalasa a Chikuse. Anatuluka akunena kuti iwo sanabwere kudzagula ndowa.

Anapita kwa osema ziboliboli. Mmisiri wina analonjeza kusema wa phingo wofanana ndendende, ndipo anasemadi, wakuda bii, wosalala. Koma atamva kuti ukaonekera pamaso pa azungu, anaujambula njovu zisanu zogwirana michira kuzungulira pamimba pake, poti azungu amakonda njovu. A Chikuse ataugubuduza pa kapinga, unkadumpha ngati chule. A Esitele anauika pa kabati, n'kumauza alendo kuti ndiye chinthu chokhacho chokongola chimene masewerawa abweretsa pakhomo.

Nkhaniyi inamveka mpaka ku boda, ndipo inampeza Laston, mkulu wa geni amene ankawoloka ndi shuga n'kubwerako ndi chilichonse chimene Amalawi angachikhulupirire. Pasanapite nthawi anafika ku ofesi atanyamula chinthu m'thumba la feteleza, thukuta lili kamukamu. Atachikhuthula, tebulo linalira. Unali mpira waukulu ngati mutu wa ng'ombe, wofiirira, wonyezimira ngati munali nyenyezi m'kati, ndipo pamwamba pake panali mabowo atatu.

A Chikuse anafunsa ngati suli waukulu mopitirira.

"Mudala, uyu ndiye wa manje manje," anatero Laston. "Wachoka ku Amereka, wadzera ku Lusaka. Tija tanu tating'ono n'ta nthawi ya chipani chimodzi. Lero zinthu zinamasuka. Mabowowa n'ngoti zala zipume."

Anawonjeza kuti azungu a kuno sangaudziwe chifukwa anachoka kwawo kale, nkhani zamakono siziwapeza. Mfundo imeneyi ndi imene inawamaliza a Chikuse. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo akhala ndi chinthu chimene mzungu alibe. Sanafune n'kuuyesa komwe, kuopa kuti wina angauone tsiku lisanakwane. Anangouika pansi pa bedi, ndipo a Esitele atapunthwa nawo posesa, chala chinatupa sabata yonse.

Tsiku la mpikisano phungu anafika ndi Pajero ndi lole ya amayi ovina, poganiza kuti ndi msonkhano. Anamukhazika pampando m'mphepete mwa kapinga. Masewera atayamba, anayamba kusinza, chifukwa azungu ankangogubuduza timipira mwakachetechete, wina n'kuwomba m'manja kawiri ngati akupha udzudzu. Matenanti anaunjikana kumpanda monga mwa masiku onse.

A Chikuse anaponya mipira yawo itatu yakale, yonse inaima kutali ndi koyera kaja. Mipira ya a ku Kasungu inali itakazinga bwino. Apo ndi pamene anatsegula thumba. Mzungu wina wokalamba, wapampando wa kalabu, anavula magalasi, nawauza mofatsa kuti mpira umenewo ndi wa masewera ena, a m'nyumba, ogwetsa timitengo tooneka ngati mabotolo. A Chikuse anamwetulira mwachifundo. Laston anali atawachenjeza kale za nsanje.

Analowetsa zala m'mabowo, nakokera dzanja kumbuyo. Mpira unawakoka iwo. Anathamanga nawo masitepe angapo, chala chachikulu chikukana kutuluka, mpaka chinatuluka ndi kulira kwa fupa. Iwo anagwa chafufumimba, zoyera zonse n'kusanduka zobiriwira. Mpira unatsika ndi mdidi, unakumba dzenje, n'kuyenda mowongoka ngati lole yopanda dalaivala. Unamwaza mipira yonse ya a ku Kasungu, koyera kaja kanaulukira m'zigafa, ndipo mpira waukuluwo unadumpha ngalande n'kukathyola mwendo wa tebulo la tiyi.

A Chikuse ali chigonere, anaona ntchito yawo ikutha. Kenako anamva kuwomba m'manja. Phungu anali ataimirira pampando.

"Mwaona?" anatero, akuloza mipira yobalalikayo. "Mmalawi mmodzi, azungu onse mbwee! Amayi, nyimbo!"

Amayi analowa pa kapinga ndi ng'oma, ndipo pofika madzulo udzu umene unamwa madzi a nazale zaka zonsezi unali fumbi lokhalokha. Phungu anayankhula nthawi yaitali. Anati kuyambira tsiku limenelo pa esiteti yake aziponya motero, ndipo wosafuna aone msewu. Azungu anatola mipira yawo m'zitsamba, nakwera magalimoto osatsanzika. Chikho cha mpikisano anachisiya patebulo lothyokalo, ndipo phungu anachipereka kwa a Chikuse, amene anachilandira ndi dzanja lamanzere, lamanja litatupa ngati papaya. Mpira wofiirira uja phungu anaukonda kwambiri, nalamula kuti auike m'Pajero, ukakhale pabalaza pake ku Lilongwe.

Kalabu sinatsegulidwenso. Mvula itagwa, phungu anatumiza uthenga woti pabwalopo pabzalidwe paprika. Chala cha a Chikuse chinapola chokhota, moti ngakhale cholembera ankachigwira movutikira.

Loweruka ankavalabe zoyera zawo, n'kukhala pakhonde ndi chikho chija pambali. Aliyense wodutsa, kaya wogulitsa tomato, kaya tenanti wodzapempha chimanga, ankayamba wamva kaye mmene iwo anagonjetsera Kasungu ndi mpira umodzi. Matenanti ankamvetsera mpaka kumapeto, n'kumavomera pamene pafunika kuvomera, chifukwa makiyi a nkhokwe anali m'thumba la mwini nkhaniyo.