Mawu a Amayi Delia

Nditamaliza temu yoyamba ya digiri yachiwiri ya saikoloje ku Lusaka, ndinabwerera kwathu ku Chinzombo ndili ndi matama osaneneka. Aliyense wondipatsa moni ndinkamuuza za dipatimenti yathu: laibulale ya ife tokha a masitazi, chipinda cha galasi loti iwe umaona munthu koma iye osakuona, makompyuta, ndi marekoda obwereka popita kokafufuza. Sindinkanena kuti pa makompyuta asanu ndi limodzi oyaka anali awiri okha, kapena kuti galasi lija linali ndi mng'alu umene tinauphimba ndi kalendala. Ndani anganyoze kumene wangokwatiwa?

Kafukufuku wanga anali wa chisoni cha anthu amene abale awo anaphedwa ndi nyama zakutchire. Kuno kuchigwa cha Luangwa wofufuza zotere sasowa womufunsa, ndipo woyamba anali m'nyumba mwathu momwe. Amayi Delia ndi mng'ono wa mayi anga, ndiwonso anandilera mayi atamwalira. Amagwira ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina m'mbali mwa Luangwa. Amuna awo, a Zebron, anali osamalira maluwa pa loji yomweyo, ndipo njovu inawapha chaka chapitacho akupalasa njinga kupita kuntchito.

Tinakhala pakhonde masana a Lamlungu. Ndinaika rekoda pampando, n'kutulutsa fomu ya dipatimenti yopempha chilolezo. Ndinawawerengera mzere ndi mzere, mwaulemu ngati wansembe.

"Kanthu aka kakumva zonse?" anafunsa amayi, akukaloza ndi chibwano.

"Zonse, amayi."

"Nanga kakamva, kakauza ndani?"

"Ine ndekha. Aphunzitsi adzangowerenga zimene ndalemba, popanda dzina lanu. Ndipo mukadzafuna kubweza mawu anu, tsiku lililonse, muli ndi ufulu. Zalembedwa apa."

Anasaina pang'onopang'ono. Pepala lawo analipinda kanayi n'kuliika m'buku la nyimbo.

Poyamba anayankha mafunso anga monga momwe amawayankhira azungu a pa loji: bwino, zikomo, Mulungu ndiye adziwa. Kenako anasiya Chinyanja, nayamba kulankhula Chikunda chokhachokha. Anati m'mawa wa tsiku lija a Zebron ankafuna kudikira kuti kuyere bwino, chifukwa anamva njovu zikuthyola mitengo kudambo. Koma awiriwo anali atakangana dzulo lake, ndipo amayi anali akadali ndi mkwiyo. Anawatulutsira njinga panja okha, nati: "Pitani, ulesi basi. Njovu zikudziwani inu?"

"Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anamva kwa ine, Mili," anatero. "Sindinauzepo munthu. Ngakhale m'pemphero ndimawalumpha."

Ndinalira nawo, zoona. Koma ndisabise: pansi pa misozi imeneyo panali kamtima kena kosangalala, kakuti mutu wachinayi wa pepala langa wapezeka.

Ku dipatimenti kuli lamulo lakuti mawu a anthu ofunsidwa asakoperedwe pa laputopu ya munthu. Timawamvera pa makompyuta a m'chipinda cha a masitazi basi, kuti zinsinsi zitetezeke. Lamulo labwino ndithu. Nditabwerera ku Lusaka, vuto linali mahedifoni. Analipo awiri: ena anasowa, ena anatsekeredwa m'kabati ya bambo woyang'anira zipangizo, amene anali patchuthi ndi kiyi wake. Anga a foni sankalowa pa kompyuta yakale ija. Aphunzitsi ankafuna zolemba zanga Lachisanu, ndipo linali Lachitatu. Bambo uja akanabwera Lolemba. Kupempha masiku atatu kukanandivuta chiyani? Koma ine ndinali Millicent, mwana wosachedwa, woyamba pa chilichonse. Amati kuthamanga si kufika, koma mwambiwo ndinaukumbukira nditagwa kale.

Ndinayatsa masipika. M'chipindamo munali anzanga atatu, aliyense maso pa zake, ndipo ndinadziuza kuti Chikunda ku Lusaka amva ndani. Ndinatsitsa mawu. Koma pamene amayi ankanong'ona sindinkamva bwino, ndiye ndinakweza pang'ono, ndi kubwereza, ndi kubwerezanso. Kulira kwawo kunadzaza chipinda.

Harvey, mnzanga wa m'kalasi, anatembenuka. "Akuti chiyani mayiyo?"

Apa ndi pamene pamandiwawa koposa. Ndikanazimitsa. M'malo mwake ndinamasulira, mawu onse, ngakhale aja a njinga.

"Wapata zenizeni iwe," anatero Harvey. "Ine anga amangoti tili bwino, tili bwino."

Ndinamwetulira. Ndiye pakona panamveka mawu a Ruben, wa chaka chachiwiri, munthu wosalankhulalankhula, amene ndinali nditaiwala kuti kwawo ndi ku Msoro, kumene amalankhulanso Chikunda.

"Amenewo si a Delia, akazi a malemu a Zebron?"

"Ayi, ndi ena," ndinatero mofulumira.

Ruben anandiyang'ana, n'kubwerera ku buku lake. Sanali munthu woipa. Ndinamva pambuyo pake kuti anawauza amayi ake pafoni chifukwa cha chifundo, kuti aziwapempherera amayi Delia. Koma amayi akewo amaimba kwaya imodzi ku Msoro ndi a Cathrine, mlongo wawo wa a Zebron. Mbiri sigonera.

Pepala langa linayamikiridwa. Mu Ogasiti ndinabwerekanso rekoda ija n'kukwera basi kubwera kudzafunsa anthu ena. Ndinafika ku Chinzombo dzuwa litapendeka, ndipo ndinapeza amayi pakhonde akusita mayunifomu ndi nsimbi ya makala. Anali ataonda. Pakhoma pamene pankatsamira njinga ya a Zebron panalibe kanthu.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera. Khala."

Sanafunse za ulendo, sanandiseke za nsapato zanga za ku Lusaka monga amachitira. Anauzira makala, napitiriza kusita.

"Njinga ili kuti?" ndinafunsa.

"Anatenga a Cathrine. Mwezi watha tinkaika mwala pamanda a bambo ako aang'ono. Anthu anadzaza, a ku tchalitchi, a ku loji, abwana anga omwe. Itafika nthawi yoti achibale alankhule, a Cathrine anaimirira. Anati mlongo wawo sanafe ndi njovu, anafa ndi pakamwa pa mkazi. Anatchula mawu anga onse, Mili, osaphonya ngakhale limodzi. Pitani, ulesi basi. Njovu zikudziwani inu?"

Ananena zimenezi mopanda kukweza mawu, akuwongola kolala ya malaya. Ndikanakonda akanandimenya ndi nsimbiyo. Manyazi anandigwira moti sindinathe kuyang'ana ngakhale mapazi awo.

Ndinayamba kufotokoza. Ndinanena za lamulo la makompyuta, za mahedifoni otsekeredwa, za bambo wa patchuthi ndi kiyi wake, za Lachisanu. Ndinkadzimva ndekha mmene zinkamvekera: mwana wophunzira akuimba mlandu kabati. Za kumasulira kuja ndinazisiya komaliza, koma ndinazinena.

"Unawamasulira," anatero amayi. Silinali funso.

"Inde, amayi."

"Anali angati?"

"Atatu."

"Analira?"

Anagwedeza mutu ngati ayankhidwa kale. Anaimika nsimbi pamwala, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi buku la nyimbo, natulutsamo pepala lopindidwa kanayi lija.

"Werenganso. Maso anga saona bwino zilembo zing'onozing'ono."

Ndinawerenga. Dzina la dipatimenti linali pamwamba ndi chidindo chake chokongola, dzina langa pansi pake. Nditafika pa mzere wakuti mawu adzamvedwa ndi wofufuza yekha, ndinawayang'ana, koma sanandiuze kuti ndileke, choncho ndinapitiriza mpaka pa ufulu wobweza mawu.

"Pamenepo," anatero. "Tsiku lililonse, si choncho?"

"N'choncho, amayi."

"Ndiye lero. Ndibwezere mawu anga."

Ndinatulutsa rekoda m'chikwama. Mawu awo anali akadalimo, mphindi makumi anayi ndi ziwiri. Ndinawaonetsa pamene panalembedwa nambala yawo, n'kudina batani lofufutira. Ndinalonjeza kuti ndikafufutanso pa kompyuta ya ku dipatimenti, ndi kuchotsa mutu wachinayi wonse, ngakhale zitatanthauza kuchedwa chaka china. Ndinkafuna kuti aone kuti nanenso ndataya kanthu.

Amayi anayang'ana kagalasi ka rekoda kopanda kanthu kaja kwa kanthawi. Kenako anatenga nsimbi, naiyesa kutentha ndi chala chonyowetsa ndi malovu.

"Chabwino," anatero. "Nanga aja ali m'makutu mwa a Cathrine, batani lake lili pati?"