Munthu Mmodzi wa kwa Mkundika

1.
Kulibe munthu.

Anatero kalaliki wa ku khonsolo nditamufunsa njira ya kwa Mkundika. Mudzi umenewo tinausamutsa, madala, madzi osefukira atagumula nyumba. Onse ali kumtunda, ku Mapuloti. Mukukafuna chiyani kumabwinja?

Ndinati miyendo yangayi sindiuza chifukwa, imangopita.

2.
Zimene khonsolo inanyamula kwa Mkundika:
mutu wa mjigo,
malata a sukulu,
sikelo ya ana,
chikwangwani cha dzina la mudzi,
anthu.

Zimene inasiya:
mitengo ya mango,
manda,
mtondo wong'ambika,
nkhunda,
a Bisayi.

3.
Ndinawoloka mtsinje pamchenga wouma. Ndinapeza nkhalamba ikusesa bwalo la nyumba yopanda denga, nyumba ya eni ake. Ndinati odi. Inayang'ana kumbuyo kwake kaye, ngati odiyo ndi wa wina.

Lowani, inatero. Mawu anatuluka okhakhala, adzimbiri. Pepani, pakamwapa pakhala potseka. Ndine Bisayi. Mwatumidwa ndi alamu anga?

Ayi, ndine wodutsa.

Oo. Anatsamira tsache. Khalani pansi basi, wodutsa nayenso ndi munthu.

4.
A Bisayi akuti

ndinabwera kuno ndi khasu ndi malaya amodzi kudzakwatira Felesiya ndipo monga mudziwa mkamwini ndi mlendo ngakhale imvi zimumerere pakhomo pomwepo ndinamanga nyumba pa dothi la akazi anga ndinalima munda wa akazi anga ndinakumba manda a apongozi anga onse awiri ana Mulungu sanatipatse koma a eni ake ndinawanyamula pakhosi kuwawolotsa mtsinje popita kusukulu mpaka ena lero ndi makhansala kenako Felesiya anayamba kutsokomola chifuwa chija cha mwezi wozizira tinamuika apo pansi pa mtengo wa mtondo tinameta tinamwa thobwa anthu anabalalika ine ndinakhala pakhonde kudikira kuti abale ake andiitane

sanandisudzule.

5.
Iwe mkamwini, mkazi wako akamwalira, sunyamuka wekha ngati wakuba. Abale ake amakukhazika pamphasa. Amati zikomo, munatisungira mlongo wathu, tsopano ndinu mfulu, pitani kwanu. Ndiko kusudzula. Asanatero suli wa kwanu. Suli wa pano. Uli pakhonde.

Wamkulu wotsala m'banja la Felesiya ndi mng'ono wake, mayi Dolika. Mawuwo ali m'kamwa mwa iwowo.

6.
Tsiku la malole, monga amalifotokozera eni mudzi.

Ife a kwa Mkundika tinakweza mbuzi, mphasa, zitseko. Wa ku khonsolo ankaitana banja ndi banja, aliyense ndi mbumba yake. A Bisayi anaima poteropo, chipewa m'manja. Mayi Dolika anali atakwera kale, atakhala pathumba la chimanga.

Alamu, anatero a Bisayi. Nanga mawu anga aja?

Mawu ati?

Mukuwadziwa.

Ha! Lero? Pamaso pa anthu onsewa? Mudikira mpaka nkhuku imere mano, alamu.

Tinaseka. Paja munthu ndi mlamu wake amanyozana chomwecho. Injini inalira. Ena tinkati akwera lole yachiwiri. A lole yachiwiri ankati anakwera yoyamba.

7.
Fumbi.

8.
Khansala wa derali, mayi Mwandida Likoswe, ndinakumana nawo panjira, akukankha njinga yamoto yophulika tayala. Ndinawathandiza kukankha, iwo akuyankhula.

Inu mwawaona a Bisayi? Ali moyo? Ambuye. Ine ndapitako, ndapitanso. Munthu ameneyo anandinyamula pakhosi ndili sitandade wani. Ndimati agogo, tiyeni, mvula ikubwera, chaka chino madzi sakusiyani. Amati mwanawe, ndikakwere ngati ndani? Malo kumtundako mwagawa m'mabanja. Banja langa lili pansi pa mtengo apo.

Ku msonkhano wa khonsolo ndikadzutsa nkhaniyi amati mayi, kumeneko kulibe munthu, tinatseka. Ndimati alipo mmodzi. Amati mmodziyo ndi wa mudzi uti? Ndiye ndimayang'ana pansi.

Ndinapita kwa mayi Dolika. Ndinati asudzuleni basi, azipita kwawo, madzi asawapeze. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Akuti iwe Mwandida, mavoti tinakupatsa ndi a milatho. Za m'banja langa uzisiye.

9.
Ndinabwerera kwa Mkundika. Chifukwa sindikuchidziwa. Ndagona m'masiteshoni, m'misika, m'makhonde a matchalitchi, ndipo sindibwerera kumene ndachoka. Koma ndinabwerera.

Akakusudzulani mudzapita kuti, a Bisayi?

Kwathu.

Kwanu ndi kuti?

Anatchula dzina la mudzi. Ndinati ndinadutsako kale. Ndi esiteti tsopano, mizere ya tiyi mpaka kuphiri, ndi mlonda pachipata.

Ndikudziwa, anatero, osandiyang'ana. Ndinamva kalekale. Komabe munthu amafuna auzidwe kuti zikomo, ntchito mwatha. Kukafera panjira si kanthu. Koma kungosiyidwa ngati mtondo wong'ambika.

Sanamalize. Anawaza madeya. Nkhunda zinatsika.

Sanandisudzule.

10.
Ku Mapuloti kuli:
mphepo,
miyala,
zikhomo zopaka penti yofiira,
nyumba zoyang'ana mbali imodzi ngati ana a sukulu pa mzere,
mjigo uja, mutu wake pakhosi latsopano.

Mthunzi kulibe.

Ndinafunsa kwa mayi Dolika. Mtsikana wina anandilozera ndi mlomo. Akuti samalani, amaluma.

Mitambo inali itaunjikana kumapiri, yakuda bii. Kumeneko mvula ikagwa, mtsinje wa kwa Mkundika umadzaza kunja kuli dzuwa.

11.
Ndinawapeza akuzula miyala pa puloti yopanda nyumba, pafupi ndi yawo. Mayi wamfupi, wa mikono ngati mwamuna.

Mwachokera kumunsi? Wakutumani?

Ayi, mayi. A Bisayi angoti simunawasudzule.

Anaponya mwala. Chitsiru cha munthu. Chitsiru chokalamba! Inu bambo, mwayenda, ndiuzeni. Munthu amene anaika mayi anga m'manda, amene anagulitsa njinga yake ine nditagona kuchipatala, ndimukhazike pamphasa ndimuuze kuti pitani kwanu? Kwawo kuti? Kutiyi? Amasudzula mlendo. Malo ano ndikuzulira ndani miyala, mbuzi? Ndinakangana ndi a komiti mpaka mawu anatha kuti chikhomo ichi chikhale chake. Ndiye iye, tsiku losamuka, pamaso pa mudzi wonse, akundipempha kuti ndimumasule. Atatopa nafe. Mchemwali wanga asanaume n'komwe.

Ndinati mayi, iwo akuganiza kuti munawataya.

Anaima. Dothi linali kugwa m'zala zawo.

Akuganiza chiyani?

Munawauzapo kuti malowa ndi awo?

Zimenezo amauza munthu? Saona?

Kumapiri kunagunda. Mayi Dolika anamanga chitenje, osatseka n'chitseko chomwe. Ndinawatsatira movutika, ine woyenda ine. Njira yonse ankatukwana, chitsiru, gojo wamakani, mutu ngati chitsa.

Tinapeza mtsinje wadzaza kale, wofiira, ukunyamula nthochi ndi mizu yake. Tsidya linalo, a Bisayi ataima ndi tsache.

Alamuuu!

A Bisayi anaika dzanja kukhutu.

Sindikusudzulani! Mwamva? Ngakhale mufe! Wathu sitisudzula ife!

Madzi ankasokosa. Anabwerezanso, mawu akung'ambika. Wathu! Inu! Nyumba yanu ndikumangireni ndine?

A Bisayi anatembenuka, nalowa m'nyumba. Mayi Dolika anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

A Bisayi anatuluka atasenza mphasa, m'manja muli dengu, nkhunda zikuphupha m'katimo. Anatsika mpaka pamene madzi analekeza. Anayala mphasa. Anakhala.

Mayi Dolika nawo anakhala, pamatope pomwepo, tsidya lino.

Atsika madziwa? anandifunsa, osachotsa maso pa munthu wawo.

Ndinayang'ana kumapiri. Ndinakhala nawo pansi.