Ati Ndisiye Kukanda

Chigamba cha pamkono pa Amake Mapasa sichinabwere tsiku limodzi. Chinayamba ngati kuyabwa wamba pamwamba pa dzanja lamanzere, chaka chimene amuna awo anathawa n'kuwasiyira ana awiri oyamwa. Akakanda, kuyabwako kumaleka pang'ono, kenako n'kubwereranso ndi ukali. Iwo n'kukandanso. M'kupita kwa zaka khungu la pamalopo linakhuthala, n'kuda bii, lamizeremizere ngati chikopa cha nsapato yakale.

Ankagwira ntchito kubekale, kokanda ufa wa buledi ndi mabanzi. Makina okandira analipo, koma ankadzuka tsiku limene afuna, ndiye bekale yonse inkadalira manja a mayiwa. Ankasamba mpaka m'zigongono, n'kuvala malaya a manja aatali, ndipo buledi wawo ankafufuma mosiririka. Anzawo anachizolowera chigambacho. Wauvuni, bambo wanthabwala, ankawatchula kuti Ang'ona, iwo n'kumuyankha kuti ng'ona ndi iyeyo ndi mano akewo.

Zinasokonekera tsiku lina kukutentha, atapinda malaya. Kasitomala wina anasuzumira pakhomo la mkati, n'kufunsa mokweza ngati limenelo silinali khate. Madamu, mkazi wa mwini bekaleyo, amene ankakhala pakauntala, anachita tsinya. M'mawa mwake anawauza kuti apite kuchipatala, asabwere asanaonedwe.

Adokotala anachiyang'ana bwinobwino, kuchisisita, kufunsa mafunso ambirimbiri. Anati si khate, si mphere, si chipere, ndipo sichipatsirana ngakhale pang'ono. Khungu linkangodziteteza ku zikhadabo za mwini wake. Anawapatsa mafuta opaka ndi bandeji, n'kuwauza kuti awenge zikhadabo.

"Koma chachikulu, mayi, musiye kukanda. Mukapanda kutero, mafutawa angopita pachabe."

Amake Mapasa anabwerera kuntchito mtima uli m'malo. Anapeza Madamu ali m'chipinda chokandira, ndipo pathumba la ufa panakhala achimwene awo a Madamu, bambo wamkulu ndithu amene ntchito iliyonse imamukana, akudya banzi lotentha.

"Ati chiyani adokotala?" anafunsa Madamu.

"Ati si zopatsirana ayi, Madamu. Ndimadzipweteka ndekha. Ati bola ndisiye kukanda, chichira."

"Musiye kukanda?"

"Eya."

Madamu anatembenukira kwa antchito ena. "Mwamva nonse? Adokotala awaletsa kukanda. Nanga ife ndife yani kuti titsutsane ndi achipatala?"

Wauvuni anaphulika kuseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Ataona nkhope ya Madamu, kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Iyayi, Madamu! Akunena kukanda mkono, osati ufa!"

"Ine kunalibeko, mayi. Mawuwa atuluka pakamwa panu. Mukadzadwalika mawa muzidzati ndinkakukakamizani."

"Ndiye tiyeni tipitire limodzi, mukadzimvere nokha."

"Ndisiye bizinesi yanga n'kumakaima pamzere kuchipatala? Vulani epuloniyo, muwapatse achimwene."

Kodi alipo munthu woyamwa chilankhulochi amene sasiyanitsa kukanda ufa ndi kukanda pakhungu? Ngakhale mapasa aja, amene sanathe n'komwe kulemba mayina awo, akanamuuza. Madamu ankadziwa bwino lomwe. Ankangofuna pokolera, ndipo mayi wosalakwa anawabweretsera yekha, akumwetulira. Chinawawawa kwambiri Amake Mapasa n'chimenecho. Akanawauza poyera kuti mkono wanuwo ukutithamangitsira makasitomala, akanalira, koma akanamva. Apa ankachotsedwa ntchito ngati akuchitiridwa chifundo.

Anathamangira kuofesi kwa Abwana, amuna awo a Madamu. Anawapeza akukanikiza foni, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Za kokandirako amadziwa ndi mayi. Kambiranani komweko."

"Bwana, zaka zonsezi alipo amene anadwalapo ndi buledi wanga?"

"Palibe akunena zimenezo. Tikungotsatira malangizo a adokotala anu."

Atabwerera kukatenga chikwama, anaona achimwene aja atavala kale epuloni yawo, zingwe zosakumana kumsana. Bamboyo ananyambita zala, n'kuzipukutira pathalauza, kenako n'kuzilowetsa mu ufa. Madamu anaona, n'kuyang'ana kumbali. Wauvuni anangoyang'ana moto wake, chifukwa nayenso ali ndi ana.

"Pitani bwino, mlongo," ananong'ona. Dzina la Ang'ona lija sanalitchule.

Amake Mapasa anatuluka ali ndi mkwiyo, n'kukakhala pabenchi pokwerera basi. Ankaganiza za lendi, za mapasa, za choti akawauze. Dzuwa linali lili pamutu, nthawi imene masiku onse manja awo amakhala atamira mu ufa mpaka m'zigongono. Apa m'pamene anazindikira chinthu chimene sanachiganizirepo: tsiku lonse, nthawi yokhayo imene sankakanda mkonowo inali pamene akukanda ufa.

Anayang'ana pansi. Bandeji ya adokotala inali itasendezedwa kale, ndipo zala zinayi zamanja zinali pantchito, pansi pa zikhadabo pali magazi.