Zikhatho za Shamim

Shamim atamwalira ku Nsanama, amayi osambitsa maliro anapezeka awiri okha. Abiti Usumani, mtsogoleri wawo, anasuzumira panja nakodola Lukiya.

"Tabwerani mutithandize."

"Ine? Iyayi, amayi, sindinakhudzepo mtembo chibadwire."

"Muyambira pomwepa."

Lukiya ndi Shamim anali akazi a mwamuna mmodzi, Che Sadiki. Zaka khumi ndi zinayi za mitala zinatha awiriwa osapatsana moni wa m'manja. Lukiya ankaphunzitsa ku Balaka, ndipo mumtima mwake Shamim anali mkazi wongodyerera, wokhalira kudzola mafuta pamthunzi.

M'nyumbamo munali ndowa ya madzi ofunda, ndipo thupi linali lofunditsidwa nsalu. Lukiya anayamba kutsuka mkono mofulumira kuti athane nazo.

"Musakweche ngati mphika," anatero Abiti Usumani motsitsa mawu. "Sisitani. Womwalira amamva kuwawa kuposa ife."

Lukiya anafewetsa dzanja. Mkonowo unali wozizira, wolemera kuposa mmene ankaganizira. Atafika pachikhatho anaima. Chinali chokhakhala ngati chitsononkho, m'munsi mwa zala muli gwa, khungu la chala chachikulu litang'ambikang'ambika. Anagwira dzanja linalo, chimodzimodzi. Kusukulu ankauza ana agwire mwala ndi thonje kuti adziwe kulimba ndi kufewa, koma chimene ankagwira tsopano analibe nacho dzina. Chinali cholimba, komabe chofuna kugwiridwa mosamala ngati dzira.

"Manja a khasu amenewo," anatero mayi winayo. "Dimba lonse la mpunga lija ankalima yekha, ngakhale pamene matenda anamugwira."

Lukiya anakumbuka matumba a mpunga amene Che Sadiki ankatsitsa pakhomo pake chaka chilichonse, akunena kuti ndi thukuta lawo. Anatsuka pakati pa zala chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, mpaka Abiti Usumani anamugwira paphewa kuti nsalu yokulungira yafika.

Atatuluka anapeza Che Sadiki ataima pafupi ndi jeneza, chithatha chonyamulira maliro.

"Mwatha, amayi?"

"Tatha. Mpunga munkabweretsa uja ankalima ndani?"

Bamboyo anangoyang'ana pansi.

Amuna atanyamula maliro kupita kumanda, Lukiya anasiya mpando umene anamuikira monga mlendo wa m'tauni, nakakhala pamphasa pakati pa abale a Shamim. Ku Balaka anabwerera patatha masiku atatu.