Kumene Mchere Unkapita

Matikitiwo anagwa Agnes akukutumula jekete la bambo ake. Anali omanga ndi mphira, okwana makumi asanu ndi limodzi, onse a basi yokwerera pa Chonde. Panali patapita masiku atatu chiikireni maliro a a Bonface, ndipo kumeta anali atapangana kuti kudzachitike Lamulungu.

"Onse ndi a Loweruka loyamba la mwezi," anatero Agnes, akuwayala pamphasa pamaso pa mayi ake, a Esteri. "Koma mtengo wakewu si wa ku Mishoni, amayi. Ndi wopitirira paboma."

Loweruka loyamba la mwezi a Bonface ankati amapita kumsonkhano wa akulu a mpingo ku Mishoni. Ankavala jekete lomwelo, n'kutenga chikwanje. Wina akanafunsa kalekale kuti chikwanje kutchalitchi n'chachiyani, koma a Esteri anali atakhala zaka makumi atatu ndi mwamuna wouma pakamwa, ndipo kufunsa anali atatopa nako.

Agnes anapisa m'thumba linalo. Zala zinatuluka zili mbuu ndi timchere.

"Ndiye kumeneko!" a Esteri anawomba m'manja. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira iwe kuti uli ndi dzanja lolemera pandiwo, iwo ali phee pakhonde. Kani mchere wanga unkakomera ndiwo za mkazi mnzanga?"

A Morris, mng'ono wa malemu, anatsokomola pakhomo.

"Alamu, tisabisane. Mapanga awiri avumbwitsa. Ngati achimwene anali ndi nyumba ina, kumeneko kuli ana. Sitingamete ana ena asanamve kuti bambo awo anatisiya."

Pakhomo pamenepo ana anali awiri, koma wotchulidwa anali mmodzi. Lackson, woyamba, anasowa zaka zisanu zapitazo, atalankhula pamowa zinthu zimene masiku amenewo sizinkalankhulidwa. Anthu achilendo anabwera kawiri kudzamufunsa, osamupeza. Kuyambira pamenepo dzina lake linali ngati khala lamoto, aliyense ankaopa kuligwira.

"Ndipita Loweruka," anatero a Esteri.

"Namfedwa sayenda asanamete, alamu."

"Ndikamuone ndi maso angawa amene ankandidyera mchere."

A Morris anaona kuti pamenepo sawina. "Chabwino. Popeza mudutsa pamsika, mugulenso malezala a Lamulungu."

Loweruka a Esteri ndi Agnes anakwera basi ya m'mawa, makadi a chipani ndi malezala atamanga pamfundo ya chitenje. Safunsa anadya phula, choncho Agnes anaonetsa kondakitala matikiti aja.

"Abambo a chikwanje aja? Amwalira? Pepani, mayi. Ankatsikira pamlatho, mukatha minda ya tiyi."

Pamlathopo panalibe mudzi. Panali mtengo wa mango, ndi mzimayi mmodzi wofunda mpango woyera, akugulitsa nthochi ndi machesi. A Esteri anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anali wamkulu kuposa iwo, m'kamwa mutatsala mano anayi. Mtima wawo unasowa pogwira: akwiye, kapena aseke?

Dzina lake anali a Abida. Atamva za maliro a abambo a chikwanje aja, anaika dzanja pachifuwa. "Allah awapumitse. Munthu wosavuta uja."

"Nyumba yawo ili kuti?" anafunsa a Esteri, mawu ali gwa.

"Nyumba? Kumtundaku kulibe nyumba, mayi. Kuli anyani. Ankagula machesi kwa ine n'kulowa kanjira ako. Mukafika pamphambano mutsate kolambula. Palibenso wina amalambula njira imeneyo."

"Ankakatani?"

A Abida anayang'ana uku ndi uku, ngakhale pamsewu panalibe munthu. "Ine ndimagulitsa nthochi, mayi. Ndimangodziwa kuti njirayo ikatsika kuseri, ndi ku Mozambiki."

Kanjirako kanadutsa m'mbali mwa tiyi, kenaka kanalowa m'mabulugama n'kuyamba kukwera. Pakamtsinje panali miyala inayi yoikidwa bwino yopondapo. Pamphambano, njira ya kumanja inali itamera thengo, ya kumanzere ili mbee. A Esteri anagwira nthambi ina yodulidwa, n'kuyang'ana kadulidwe kake. Kanali ka munthu wamanzere. Anali a Bonface ndithu.

"Mkazi wanji wokhala kuno?" ankangong'ung'udza, akupuma movutikira. "Kapena ndi sing'anga? Kapena bambo ako mutu unali utasokonekera ife osadziwa?"

Agnes nayenso zinali zitamuzunguza mutu. Bambo ake ankadandaula mawondo ngakhale popita kudimba, koma apa ankakwera mwezi uliwonse.

Dzuwa lili paliwombo, kulambula kunathera pa chimwala chachikulu chokhala ndi kaphanga kunsi. Kutsogolo njira inkatsika yosalambula, kulowera kuchigwa cha dziko lina. Panalibe nyumba, panalibe munda, ngakhale phulusa la moto. A Esteri anazungulira mwalawo kawiri ngati wataya singano.

Amene anaona kanthu anali Agnes. M'kaphangamo munali chitini chadzimbiri, chovundikira ndi mwala wophwatalala. Atachitulutsa, anachizindikira. Chinali chitini chimene mchimwene wake ankasungiramo mbedza ali mwana. Dzina lija linali pomwepo, lokanda ndi msomali: LACKSON.

"Amayi," anatero motsitsa mawu. "Abambo ndi amene anamuperekeza. Anamudutsitsa pano."

A Esteri anakhala pansi. Anali atanyamuka kunyumba ndi mkwiyo wokonzera mkazi mnzawo, ndipo tsopano sanadziwe kuti auike pati. Unawawawa mtima, kuwawa kwenikweni.

"Zaka zisanu ine ndikulira chamumtima kukhitchini, iwo akudziwa njira!"

"Akanakuuzani, anthu aja atabwera kachiwiri mukanalimba?"

A Esteri anakumbukira mmene tsiku limenelo analirira pamaso pa alendowo, kulira kwa mayi amene sakudziwadi kanthu, mpaka alendowo anatopa n'kumapita. A Bonface anali pakhonde, akusoka thumba.

"Tsegula."

M'chitinimo munalibe kanthu. Munangotsala timchere pang'ono m'mbali.

"Ndiye kuti amabwera? Amatenga ndi iyeyo?"

"Kaya, amayi. Mwina ndi iye. Mwina ndi otola nkhuni, mwina ofula uchi."

"Bambo ako ankadziwa kuti mwina ndi otola nkhuni?"

"Sakanalephera kudziwa."

"Koma ankabwerabe."

Kenaka a Esteri anamasula mfundo ya chitenje, n'kupatula lezala limodzi. Anang'amba kansalu kumphepete kwa mpango wawo wakuda, n'kukulunga lezalalo. Mwana wa kwawo, akaona lezala m'nsalu yakuda, safunsa kuti kwagwanji. Anaika m'chitinimo, n'kuvundikira ndi mwala uja monga anaupezera.

"A Morris tikawauza chiyani?" anafunsa Agnes.

"Kuti amete. Ana onse tawauza."

Anayamba kutsika, kuti apeze basi ya masana. Pafupi ndi kamtsinje kaja, nthambi ya minga inali itagwera panjira. A Esteri anaima, naikokera pambali ndi manja, minga ikuwabaya.

"Pogawa katundu, chikwanje cha bambo ako asatenge munthu," anatero, akuyamwa chala. "Ndipo mwezi wamawa undikumbutse mchere."