Ndime Yopanda Popumira

Ndime ya nyimbo ija ilibe popumira. Amene anailemba analibe mapapo, kapena ankangodana ndi ife oimba tuba, chilipenga chija umachita kuchifungatira ngati mwana. Imayambira pansi, n'kutsikirabe, n'kuthamanga, ndipo uyenera kuimaliza ndi mpweya umodzi.

Tikamaimba bandi yonse, ndimaba mpweya pamene ng'oma yaikulu yagunda, ndipo palibe amamva. Koma chaka chino mkulu wa bandi, amene timawatcha a Chala poti amatiimbitsa ndi chala chimodzi, analamula kuti aliyense ayesedwenso payekha, wolephera asiye mpando. Ng'oma sidzakhalapo. Ine apo n'kuti ndili woyembekezera, wotopa kale.

A Chala anandiitanira pambali, maso ali kudenga, n'kunena kuti bwanji ndiyambe ndagwira timbale tomenyanitsa tija kufikira zinthu zitayenda bwino. Zinandiwawa kwambiri. Ine timbale? Ndinathokoza mwaulemu, n'kuwauza kuti tidzaonana tsiku loyesedwa.

Ndinkayeserera m'bafa, nditatseka chitseko n'kufwatika thawulo kukamwa kwa lipenga kuti aneba asamenye khoma. Tuba sinkakhalanso pamiyendo, mimba inkaikankha, ndiye ndinkaikhazika pa ndowa yovundikira. Ndikafika pakati pa ndime mpweya unkatha, m'maso mdima, mawu n'kuzima ngati galimoto yotha mafuta. Mwana naye ankandiponda nthiti ndikagunda noti yotsikitsitsa, kaya n'kukondwa kaya n'kukwiya.

Alamu anga, achemwali awo a bambo a kunyumba, anabwera kudzandiona n'kundipeza momwemo. Anati ndidzabereka mwana wogontha, komanso kuti mkazi wanzeru amadziwa nthawi yokhala pansi. Ndinawaonetsa kuti ndakhala kale pansi. Ndinawauzanso kuti anamwino anandilola, bola ndisamadzibanikitse. Bambo a kunyumba anangopitiriza kutsuka mbale, poti amandidziwa.

Mawu a anamwinowo ndi amene ananditsegula mutu. Ndinaleka kulimbana ndi mpweya umodzi. Ndinafufuza pamene nyimbo imakhotera isanatsike komaliza, n'kuikapo mpweya wanga, wapoyera, osati wakuba. Ndinabwereza mpaka milomo kuchita dzanzi, kufikira kupumako kunayamba kugwera m'kayendedwe ka nyimbo ngati kunalembedwa.

Tsiku loyesedwa ndinalowa m'holo, tuba kumanja, ndowa kumanzere. Mmodzi wa oweruza anaseka, ine osamuyang'ana n'komwe. Ndinayamba. Nditafika pamalo panga ndinakoka mpweya mosabisa, moti ngakhale wokhala kumbuyo akanamva, n'kutsikira ku noti ija. Inatuluka yonenepa, magalasi a mawindo mpaka kunjenjemera.

A Chala anagogoda tebulo.

"Mayi, papepala palibe popumira pamenepo."

"Ndikudziwa, bambo. Koma mpweyawu tikugawana awiri, ndipo mnzangayu sindimumana chifukwa cha pepala. Ngati nyimbo yaonongeka, nenani, nditenge ndowa yanga."

Sindinadzuke, ndipo maso sindinagwetse. A Chala anayang'ana pepala lawo nthawi yaitali, milomo ikuyenda, akuimba ndimeyo chamumtima. Kenaka anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pensulo.

"Yambiraninso," anatero. "Pang'onopang'ono, ndione pamene mwapumirapo."